A Dikishonale a pa Linthipe ndi mbewu ya KALE

Msika uliwonse uli ndi munthu wake amene anthu amathamangira akalandira pepala lolembedwa m'chinenero chachilendo. Pa Linthipe munthu ameneyo ndi mlembi wa nkhani ino, yemwe anzake ogulitsa tomato ndi kachewere m'mbali mwa msewu wa M1 anamupatsa dzina loti a Dikishonale. Dzinalo linabwera ndi ulemu wake, choncho nkhani ino iwalemekeza mpaka kumapeto. Udindowu sanaupeze chifukwa cha masatifiketi. Sukulu anaisiyira pa Fomu 2, ndipo chimene chinawagwetsa ndi Chingerezi chomwecho. Anaupeza chifukwa ali ndi magalasi, amayenda ndi cholembera m'thumba la malaya, komanso chibadwire sanayankhepo munthu kuti "sindikudziwa".

Ntchito ndiye siwasowa. Msewu wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre umadutsa pakhomo penipeni, malire a Mozambique ali chapafupi ku Dedza, madalaivala a ku Tanzania amaima kugula ndiwo, ndipo palibe mudzi wa kwa Kaphuka umene ulibe mwana ku Joni. Zinenero za kumalo onsewa zimalembedwa ndi zilembo zomwezomwezo, ndiye a Dikishonale amaona kuti amazidziwa zonse.

Mbiri yawo inayamba kugwedezeka chaka chimene alimi a m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe anasonkherana ndalama n'kutuma mnyamata ku Lilongwe kukagula mbewu za ndiwo zamasamba. Anabwera ndi repu, chayinizi, ndi mapaketi ena olembedwa zilembo zinayi zikuluzikulu: KALE. A Dikishonale anapukuta magalasi, anatembenuza paketi uku ndi uku, kenako anagamula. "Akuberani masanasana. Mbewu iyi ndi yakale, eni ake alemba okha apa." Anayamikiranso kampani yopanga mbewuyo chifukwa chosabisa chilungamo. Mnyamata uja anatukwanidwa, mapaketi anatayidwa kudzala kuseri kwa nyumba ya a Dikishonale, ndipo mvula itagwa mbewu yakale ija inamera yonse, masamba obiriwira bii, mbuzi za aneba n'kumanenepa nayo.

Alangizi a zaulimi atabwera anafotokoza mofatsa kuti kale wa Angerezi, yemwe iwo amamutchula keyil, ndi ndiwo, m'bale wake wa kabichi. Dzinalo linachokera ku mawu a Chilatini akuti caulis, kutanthauza tsinde la chomera kapena kabichi amene, ndipo linakhazikika kwambiri ku Scotland ndi kumpoto kwa England. Kwawo kwa amishoni amene anakhazikitsa Blantyre mu 1876, imeneyi inali ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Ku Turkey nako kuli kale wawo, koma kumeneko ndi linga lankhondo lomangidwa ndi miyala. A Dikishonale anamvetsera zonsezi akugwedeza mutu, n'kuuza anthu kuti zimenezi ankazidziwa kale.

Usiku umenewo tulo sanatione. Anayamba kukumbukira mawu ena amene akhala akuwawerenga mwa Chichewa moyo wawo wonse. Pa mapu a kusukulu pankalembedwa kuti Lake Malawi, ndipo iwo ali mwana ankadabwa kuti lake la ndani, nanga bwanji sakutchula mwini wake. Wake, amene ife timati mwana wake, kwa Angerezi ndi kudzuka kutulo, komanso kuchezera pamaliro. Take, wa tiana take, kwa iwo ndi kutenga. Choopsa kwambiri chinali make. Akazi awo amawaitana kuti make Gift kuyambira pomwe mwana woyamba anabadwa, osadziwa kuti Mngerezi akaona mawu awiriwa pafoni angawerenge lamulo loti panga mphatso.

Kutacha anapita kwa aphunzitsi ena opuma ntchito, amene amakhala pakhonde la golosale akuwerenga nyuzipepala ya dzana. Aphunzitsiwo ndi munthu yekhayo pa Linthipe amene a Dikishonale amamuopa.

"Aphunzitsi, kodi Angerezi anatibera mawu athu?"

"Khalani pansi, bambo a Gift. Lake wathu ndi tizidutswa tiwiri, la ndi ke. Ke ameneyu ndi yemwe ali mu chake, zake, pake, kwake. Make ndi mayi wake wofupikitsidwa. Lake wa Angerezi ndi chinthu chimodzi chathunthu, m'bale wa lac wa Chifalansa ndi lacus wa Chilatini. Anangokumana papepala. Zilembo zili ngati mtondo wa pamudzi, aliyense amasinjamo zake."

Kenako anatenga cholembera cha a Dikishonale n'kuwerengetsera m'mphepete mwa nyuzipepala. Zilembo zilipo 26. Mwa izo 5 ndi zaliwu, a e i o u, zotsalazo 21. Mukaphatikiza chimodzi cha uku ndi chimodzi cha uko mupeza maphatikizo 105, ndipo mawu a maphatikizo awiri, a mtundu wa ka-le kapena bo-la, sangapitirire 11,025. Zinenero padziko lapansi zilipo pafupifupi 7,000, ndipo zambirimbiri zimalembedwa ndi zilembo zomwezi. Kuti mawu asagundane zikanakhala zodabwitsa kuposa kugundanako.

Koma aphunzitsi analakwitsa chinthu chimodzi: anapitiriza kulankhula. Anati zaka 600 zapitazo, m'nthawi ya mlakatuli Geoffrey Chaucer amene anamwalira mu 1400, Angerezi ankatchula a wa mu make ndi lake motsegula pakamwa, pafupifupi momwe timachitira ife, ndipo e wakumapeto ankamvekabe pang'ono. Pambuyo pake matchulidwe anasuntha, e uja anasiya kumveka, a anapindika. Mu 1476 William Caxton anakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster, ndipo kalembedwe kanayamba kuuma pamene pakamwa pa anthu pankapitiriza kusintha. Chichewa chinalembedwa mochedwa, amishoni akumvetsera ndi khutu, chilembo chilichonse n'kuchipatsa liwu lake. David Clement Scott anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja mu 1892, ndipo Buku Lopatulika, ntchito imene anatsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, eni ake a Nkhoma pafupi pompa, linasindikizidwa mu 1922. N'chifukwa chake ife timawerenga zimene talemba, pamene Mngerezi amalemba china n'kutchula china.

A Dikishonale anaimirira ndi chimwemwe. "Ndiye kuti ine sindinalephere mayeso! Ndinkawerenga Chingerezi chenicheni. Osochera ndi eni akewo." Mpaka lero amalingalira zolembera kalata ochonga mayeso kuti awonenso mapepala awo.

Kuyambira pamenepo anakhala ndi chiphunzitso chawo, chimene amachilalikira pamsika malonda akavuta: zinenero zonse zinachokera ku Dedza. Umboni wawo ndi mapanga a ku Chongoni, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira zakale za Akafula ndi zoyera za Achewa, zimene UNESCO inaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Iwo amati kulemba kunayambira pamenepo, ena onse anangokopera. Zoti zojambulazo si zilembo, amati ndi nsanje.

Mwatsoka, chiphunzitsochi chimapeza chakudya apa ndi apo. Kale wathu ali ndi abale enieni: m'Chiswahili, m'Chitumbuka ndi m'Chibemba kale ndi kale yemweyu. Moto ndi moto ku Dar es Salaam, ndi motonso ku Harare. Zinenerozi ndi za banja limodzi la Bantu, zoposa 400, zimene makolo ake anachokera cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka masauzande zapitazo, osati pa Linthipe 1. Mnyamata wina wa ku Congo wochokera ku Dzaleka, amene amabwera kudzapikula kabichi, anawauza kuti m'Chilingala moto ndi moto ndithu, koma ukasintha kakwezedwe ka liwu, zilembo zomwezo zimatanthauza munthu, kapenanso mutu. Ndiye nyimbo za rumba zimene a Dikishonale ankamasulira anthu ku bala kuti zikunena za nyumba yopsa, zambiri zimanena za munthu chabe.

Mnyamata yemweyo anawauza kuti ku Kigali anthu amakwera moto popita kuntchito. Apa a Dikishonale anawomba m'manja. Moto wa ku Rwanda, wa ku France ndi wa ku Italy ndi njinga ya kabaza ija, ndipo ife timati njinga yamoto. "Mwaona? Anangodula njinga ya, n'kutsala ndi moto." Aphunzitsi anayesa kunena kuti moto ameneyo ndi chidule cha motocyclette, kuchokera ku mawu a Chilatini onena za kuyendetsa chinthu, ndipo alibe chochita ndi lawi kapena utsi. Palibe anawamvera. Kunena zoona, kufotokoza kwa a Dikishonale n'kokoma kuposa kwa aphunzitsi, vuto lake n'lakuti ndi bodza.

Chipwitikizi ndiye chinawasokoneza zenizeni. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, Malawi analandira othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo Dedza anali m'gulu la maboma amene anadzaza. Ena anakwatira konkuno. Mmodzi wa iwo, mkulu wochokera cha ku Ulongwe amene tsopano amakonza njinga, anaonetsa a Dikishonale chipsera cha pamwendo n'kunena kuti inali bala. A Dikishonale anavomera kuti inde, bala. Anakambirana nthawi yaitali akugwirizana bwinobwino, wina akunena chipolopolo, wina akunena chilonda, pakuti bala m'Chipwitikizi ndi chipolopolo. Atazindikira, a Dikishonale anati nkhani ndi yosavuta: Apwitikizi anaona bala la Mchewa n'kutcha chipolopolo dzina la ntchito yake. Koma bala wa Apwitikizi ndi wa ku Ulaya konko, wa banja la mawu onena za kanthu kobulungira, ndipo bala lathu lili ndi abale kuno, monga ibala wa Chizulu amene ndi banga. Palinso bala wachitatu, womwera mowa, amene tinabwereka ku bar wa Angerezi n'kumuika a kumapeto, r n'kusanduka l monga mwa chizolowezi chathu. Osaiwala kubala ana. Akazi a a Dikishonale ndi amene anamanga nkhaniyi. Anati iwo za magwero sadziwa, chimene akudziwa n'chakuti abambo ake Gift akapita ku bala amabwerako ndi bala.

Mkulu wanjinga yemweyo akamamvera mpira pawailesi ya kwawo amafuula kuti bola, ndipo kwa nthawi yaitali a Dikishonale ankadikira kuti amalize chiganizo. Bola chiyani? Bola moyo? Bola kwa Apwitikizi ndi mpira, ndipo abale athu a ku Zambia nawonso amati bola akamanena za masewerowa.

Chodabwitsa ndi chakuti pamene mawu anabwerekedwadi, a Dikishonale amakana kwamtuwagalu. Nsapato ndi sapato wa Chipwitikizi. Kalata ndi carta. Mbatata ndi batata, mawu amene Azungu a ku Spain ndi Portugal anawatenga kwa anthu a pazilumba za Caribbean, ndipo kachewere amene Dedza amanyadira kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America. Pamenepa mkuluyu amakwiya. Akuti agogo awo ankalima mbatata Mpwitikizi asanabadwe. Ndiye pamene pali ubale amaukana, pamene palibe amaupanga, ndipo sanaphonyepo kusokoneza ziwirizi.

Chiswahili chinawadyera ndalama. Dalaivala wina wa thanki ya mafuta anaima pa benchi yawo, analoza mulu wa tomato n'kunena kuti nyanya. A Dikishonale anamva kuti anyanya kukweza mtengo, ndipo asanafunsidwe n'komwe anatsitsa. Dalaivala anabwerezanso, nyanya, akufuna mulu wachiwiri. Iwo anatsitsanso. Nyanya m'Chiswahili ndi tomato, ndipo ku Kenya ndi agogo aakazinso. Ponyamuka dalaivala uja anayang'ana masamba a kabichi owola ndi mapepala amene anali mbwee kuzungulira benchi, anakwinya mphuno n'kunena kuti takataka. A Dikishonale anamva kukoma mumtima. Kwathu kuno munthu wotakataka ndi wolimbikira, wosakhala manja lende. Anathamangira galimoto kukawonjezera basela. Takataka kwa Aswahili ndi zinyalala.

Matendawa akuoneka kuti ndi a kumtundu. Malume awo anapita ku Southern Rhodesia kudzera ku Mthandizi m'nthawi ya chitaganya, chija cha 1953 mpaka 1963, pamodzi ndi anyamata ambiri a ku Nyasaland amene anakagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Lamlungu lawo loyamba ku Salisbury analowa mumsika, mayi wina wogulitsa nthochi n'kuwaitana mwaulemu: "Tengai, baba." Malume anagwira mtima. Anthu abwino chotere! Anatenga phava lonse, anawomba m'manja kuthokoza, nauyamba ulendo. Kutenga m'Chishona ndi kugula, ndipo mutengo wawo ndi mtengo wathu wa pamalonda. Malumewo ankati liwiro limene anathamanga tsiku limenelo silinaonekenso mu Rhodesia yense, ndipo mpaka imfa yawo ankakhulupirira kuti Ashona ndi anthu osintha maganizo msanga.

Nkhani ya Gift ndiyo inafika m'nyumba. Mtsikana wina wa ku Germany, mwa achinyamata aja amabwera kudzathandiza m'masukulu ndi m'zipatala, ankagula mapichesi pa benchi ya a Dikishonale. Anafunsa dzina la mnyamata amene ankamuthandiza kunyamula. Atamva kuti Gift anamwetulira, n'kuulula kuti ngakhale Chingerezi amachidziwa, dzinali limamudzidzimutsabe, chifukwa kwawo Gift ndi poizoni, mawu amene amalembedwa pabotolo la mankhwala a makoswe. A Dikishonale anati apa ndiye zangogundana basi, mphatso ndi poizoni zingakhale bwanji pachibale. Analakwanso. Awiriwa ndi mawu amodzi, ochokera ku muzu wotanthauza kupatsa. Ajeremani akale ankagwiritsa ntchito mawuwa ponena za mlingo wa mankhwala umene munthu wapatsidwa, ndipo pang'onopang'ono tanthauzo linatsetserekera ku mankhwala akupha. Tanthauzo lakale linatsalira mu Mitgift, chuma chimene mkwatibwi amapita nacho kubanja.

Mtsikanayo anawonjezera kuti ku Sweden gift amatanthauza zinthu ziwiri, poizoni komanso munthu amene ali pabanja. A Dikishonale anaseka mpaka misozi, ndipo madzulo anakafotokoza kunyumba akusekabe.

"Make Gift, wamva? Ku Sweden ukwati ndi poizoni ndi chinthu chimodzi!"

"Chabwino, bambo a Gift. Ndiye nsima ya lero musadye, mwina ndathiramo ukwati."

Anagona ndi njala. Mwana uja tsopano amamuitana Mphatso akakhala pafupi ndi alendo.

Chimene chimawatonthoza n'chakuti Azungu nawo anagwapo m'mbuna yomweyi. David Livingstone atafika kunyanja mu 1859 anailemba kuti Lake Nyasa, pamene nyasa m'Chiyao ndi nyanja. Kwa zaka zambiri mapu a dziko lonse ankanena kuti Nyanja Nyanja, ndipo dziko lathu linatchedwa Nyasaland mpaka 1964. A Dikishonale amaikonda nkhani imeneyi kotero kuti amaifotokoza ngakhale pamaliro. Koma akangoimaliza amawonjezera ina yakuti boma ndi chidule cha British Overseas Military Administration, zimene anamva pawailesi ya m'minibasi. Aphunzitsi atopa n'kuwauza kuti boma ndi mawu akale a Chiswahili otanthauza mpanda kapena linga, ndipo analipo atsamunda asanamange ofesi ngakhale imodzi kuno. Maofesi a atsamunda ankakhala mumpanda, dzina n'kuchoka pampanda kupita kwa okhala m'katimo.

Atapunthwa m'zinenero zonsezi, a Dikishonale anatsimikiza mtima kuti m'Chichewa mokha ndi momwe sangagwe. Anaiwala kuti Chichewa chimasiyanitsa mawu ena ndi kakwezedwe ka liwu, ndipo kalembedwe kathu, kuyambira kwa amishoni mpaka ku malamulo a Chichewa Board imene inakhazikitsidwa mu 1972, sikaonetsa zimenezi papepala. Khungu la pathupi ndi khungu la maso zimalembedwa mofanana. Mtengo wa nkhuni liwu limakwera pa te, pamene mtengo wa malonda limayenda pansi osakwera. Pakamwa palibe amasokoneza. Pafoni ndiye nkhani ina.

Tsiku lina la msika, mphepo ya ku Dedza ikuwomba mwa nthawi zake, a Dikishonale anali pa Chimbiya kukafufuza ogula tomato wa m'dimba mwawo. Foni inalira, uthenga wochokera kwa make Gift, mawu awiri okha poti mayunitsi ndi odula: "Mtengo wagwa." Mkuluyu anakhala pansi pomwepo. Ngongole ya feteleza, fizi ya Gift, zonse zinali pa tomato ameneyo. Anayankha mwanzeru monga mutu wa banja: "Usaukhudze. Pofika Loweruka ukwera wokha." Kenako anapita kukadziziritsa mtima ku bala, kumene anachenjeza alimi anzake onse kuti asathyole tomato sabata imeneyo, ndipo awiri anabwezadi ngolo zawo.

Anafika kunyumba kutada. Bulugamu wamkulu wa kuseri anali atagona pakhola la mbuzi, nthambi zake zili padenga la khitchini, mbuzi zili m'munda wa aneba. Akazi awo anali khale pakhonde, nkhwangwa ili pambali pawo yosagwiritsidwa ntchito.

"Bwanji simunaitane anthu kuti audule?"

"Munati ndisaukhudze, bambo a Gift. Ndikudikira Loweruka ndione mmene ukwerere."